Galimoto Yosalira ya pa Chombo Chathu

Senderani kuno nonse. Iwe uli kumapeto kwa mkekawe, bwera ndi nandolo wakoyo, manja azisenda makutu akumva. Mawu anga masiku ano safika patali. Kale ankawoloka Ruo atadzaza, ndipo tsiku lina anawolokadi, mumva.

Mukudziwa kuti ife kuno tili pakati pa madzi. Ruo akafika kumtunda kwa nzimbe uko amang'ambika pawiri, nkutisiya midzi itatu pakati ngati nyama yotsalira m'mano, kenako nkukakumananso kumunsi. M'chilimwe mwana amawoloka atangokwinya kabudula. Koma mvula ikagwa m'phiri, ngakhale kuno kusanadonthe, madzi amabwera ofiira atanyamula mitengo yathunthu. Msika wa Milonde uli tsidya. Chigayo chili tsidya. Minda ya tiyi kumene anthu athu amagwira ntchito, chipatala cha ku Mishoni, zonse tsidya. Kuno kuli ife, mbuzi ndi udzudzu.

Ndili mtsikana tinkawoloka pa bwato la mtengo, madzi akalola. Akakana, tinkadikira. Mwana wanga woyamba ndinamuberekera pa gombe lomwelo ndikudikira, ndipo sanalire nkomwe. Tinamuika tsiku lomwelo, amayi okhaokha. Zimenezi ndanena pano kuti muzisunge, sindizibwerezanso.

Chaka chija tinayamba kuvotera zipani zambiri kunabwera anthu a mataye, nati atimangira mlatho. Tinawavinira tchopa mpaka fumbi kulowa m'makutu. Patadutsa dzinja kawiri kunabwera lole itasenza chinthu chathyathyathya, migolo yachitsulo pansi, matabwa pamwamba, timipanda m'mbali. Anakoka chingwe chachitsulo kuchokera pa mkuyu wa tsidya kudzafika pa chipilala cha simenti kuno, nati ichi ndi chombo chowolotsa galimoto, muyambe mwagwiritsa chimenechi, mlatho ukubwera. Ife tinachitcha lichero la boma. Pakati pake pankakwana galimoto imodzi yokha, anthu nkuima m'mbali. Injini yake inali manja athu: mumagwira chingwe chija nkumakoka, licherolo nkumasendera pang'onopang'ono ngati nkhono.

Ntchito yoyang'anira anapatsa asuweni anga, mwana wa atsibweni, chifukwa m'midzi yonse itatu ndiwo anapita patali ndi sukulu. Anawapatsa chipewa, kabuku, cholembera ndi wezulo. Anali munthu wabwino asuweniwo, mkazi sanamenyepo, mowa ankangolawa. Koma pepala ankaliopa kuposa ng'ona. Ng'ona ankaigenda, pepala ankalivulira chipewa.

Pa gombe la tsidya anakhomapo chikwangwani. Kwa ine zilembo ndi mapazi a nkhuku pa ufa, choncho asuweni anatiwerengera mokweza, chala chikuyenda pansi pa mawu. Chinkati chombo ichi chisayende popanda galimoto, ndipo anthu aziwoloka ulere pamodzi ndi galimotoyo.

Ine ndinati, "Asuweni, galimoto yake iti? Kwathu kulibe msewu. Ngakhale wilibala timangoionera kwa abusa."

"Zimenezo kafunseni amene analemba."

"Ali kuti?"

"Ku ofesi."

"Chabwino. Mawa mudzatitenge kwathu, tikafunse ku ofesiko."

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Popanda galimoto?"

Dzinja lonse lija chombo chinakhala pa gombe, chatsopano, chonunkha utoto, abakha akuchitirapo zawo. Mwini bwato uja, poona kuti boma lamulanda ntchito, anapita ku Limbuli kukanyamula anthu pa njinga, bwato lake nkusanduka modyera nkhumba. Ndiye tinali ndi chombo chosayenda, opanda bwato. Chitukuko chimenecho. M'mawa uliwonse asuweni ankavala chipewa, nkukhala pa mgolo, nkumayang'ana kumsewu ngati mkazi wodikira mwamuna wa ku Joni. Ife tsidya lino tinkawayang'ana iwo. Galimoto ibwere kudzatani kuno? Kudzaona udzudzu?

Amene anatipulumutsa ndi mng'ono wanga, wonditsatira kubere, wothyola tiyi, wamfupi, wamakani ngati tsabola wa kambuzi. Iye anali atataya masiku a ntchito chifukwa cha madzi, ndipo kapitawo wa ku tiyi samva za mtsinje. Kuseri kwa chigayo kunali chigalimoto cha bokosi kumbuyo, chimene munthu wina anathawa nacho nkhondo ya ku Mozambiki, nkudzamufera pamenepo. Injini anachotsa kalekale. Magalasi kunalibe. Mipando inali akasupe okhaokha, ndipo nkhuku za mwini chigayo zinkaikiramo. Madzi ataphwa, mng'ono wanga anasonkhanitsa amayi nkuwoloka nawo, matayala anawashindira udzu ndi nsanza, nkuchikankha mpaka pa gombe.

Anati, "Asuweni, tawerenganinso chikwangwani chanucho. Chikuti galimoto yolira?"

Asuweni anawerenga. Anabwereza. Kachitatu anayambira kumunsi kukwera, kuopa kuti mwina mawu ena abisala.

"Changoti galimoto."

"Chikuti ya injini?"

"Sichikutero."

"Nanga iyi ndi chiyani, ndi mbuzi?"

Asuweni anaizungulira manja ali kumbuyo. Anagogoda chitseko. Atafika kumbuyo anawerama, nkupukuta matope ndi chipewa cha boma, nkupeza kachitsulo ka nambala kadakalipo, kolendewera pa msomali umodzi. Nkhope yawo inawala ngati aona mngelo.

"Ili ndi nambala. Ndiye ndi galimoto. Ikwere!"

Tinaganiza kuti tiisiya pamenepo izikhalira pa chombo. Ayi ndithu. Titafika tsidya lino asuweni anati itsike.

"Itsike ipite kuti?" ndinafunsa.

"Galimoto yosatsika sinawoloke, yangokhala. Ine ndilemba chiyani?"

Ndiye ulendo uliwonse tinkaikankha kutsika, asuweni nkulemba nambala m'kabuku, tinkaikankhanso kukwera, iwo nkuimba wezulo. Mimba, mwana kumbuyo, mtolo pamutu, zonsezo uyambe watula, ukankhe galimoto. Amuna ankati msana ukuwapweteka, kapena ankagwira njinga zawo kuti zingagwe. Pa chiwongolero pankakhala mng'ono wanga. Galimotoyo inali yakufa ponseponse, chamoyo chinali chimodzi, kandodo ka pakati pa mipando kamene ukakakoka galimoto imagwira, ukakatsitsa imamasuka. Kandodo kameneko ankakadziwa ngati mthiko wake. Zaka khumi ndi mphambu anayendetsa galimoto, mikono isanu kupita, mikono isanu kubwerera, osagundapo ngakhale nkhuku. Dalaivala uti wa ku Limbe anganene zimenezo?

Musaseke kwambiri, chombocho chinatumikira. Chinawolotsa njinga zosenza chimanga, zinanazi za ku msika, makaka a chinangwa, nyemba za kalongonda m'mapoto, mbuzi zolira ngati zikupita kwa opha. Akwati tinkawakhazika kutsogolo pa akasupe paja titayala chitenje, ndipo mpaka lero alipo amayi amene amanyada kuti pa ukwati wawo anakwera galimoto. Maliro tinkawagoneka m'bokosi la kumbuyo. Nyengo ya mavoti ikafika chombo chinkapakidwa utoto wa amene akupempha, ndipo mukanakanda ndi mpeni mukanawerenga maboma onse motsatana. Matabwa awiri atawola tinatsekapo ndi chitseko chakale cha tchalitchi. Chaka china chingwe chinaduka, chombo nkuyenda chokha mpaka kukatsakamira m'mabango a ku Mozambiki. Anthu a kumeneko anatibwezera titawapepesa ndi mbuzi. Asuweni anati palibe mlandu, popeza chinathawa chili ndi galimoto.

Tsono kabuku kaja kakadzaza kankapita ku ofesi, ndipo ife tinkayesa kuti kumeneko amakulungira mandasi. Kani tsiku lina munthu wina anakatsegula. Anapeza galimoto imodzi, nambala yomweyomweyo, ikuwoloka m'mawa, masana ndi madzulo, Lamulungu ndi pa Khirisimasi pomwe, chaka ndi chaka. Kalata inabwera. Inati kukubwera bwana kudzaona chombo, kudzayendera msewu wa pa chilumba umene galimotoyo imayendamo, ndi kudzagwira chanza mwini wake, munthu wachitukuko.

Asuweni anatsegula m'mimba masiku awiri. Tsiku lachitatu anatiitana, nati galimoto ibisidwe. Tinaiwolotsera kuno, tinaikankhira m'nthochi za kuseri kwa nyumba yanga, nkuifunditsa masamba. Bwana akafunsa, tonse tinene kuti mwini wake wapita nayo ku Limbuli. Za msewu, anati, Mulungu adziwa.

M'mawa wa tsikulo amayi onse anavala nsalu zofanana kukalandira bwana tsidya. Chombo chinali kuno, galimoto ili m'nthochi. Ndinaona ndi maso angawa asuweni akuwolotsa anthu popanda galimoto, thukuta lili kamukamu, akuyang'ana kumwamba ngati chikwangwani chili ndi abale ake m'mitambo. Mtsinje sunawameze. Mphezi sinawagwere. Ndinati mumtima, ohoo, kani chimatheka.

Ine sindinapite nawo. Mwana wanga wamkazi, yekhayo amene anandikhalira, anali woyembekezera, mimba yoyamba. Tinapangana kuti sabata yotsatira akakhale ku chipatala kudikira. Koma mwana wa m'mimba sawerenga kalata. Dzuwa litangokwera pang'ono matenda anayamba. Ndinaitana azamba athu, gogo amene anatsala chifukwa cha miyendo. Anamugwira pamimba, nkugwiranso, nkundikokera pakhomo.

"Wagona chopingasa. Ine apa manja anga afupika. Thamangani naye, dzuwa lisanapendeke."

Inali Febuluwale, mvula itagwa m'phiri usiku wonse. Tinamugoneka pa chitseko, ine ndi azamba ndi amayi awiri okalamba, mpaka pa gombe. Gombe lomwe lija. Madzi ali ofiira, akulira. Chombo chili tsidya, chomangidwa pa mkuyu.

Tsidyalo kunali chisangalalo. Ng'oma zikulira, amayi akuvina, ndipo pamwamba pa potsetsereka, moyang'ana chombo, panaima galimoto yoyera, yaitali, yonyezimira ngati dzino la mwana. Bwana anali ataima pambali, wamimba, nsapato zosongoka, pepala m'manja. Zimene ankakamba kumeneko anandiuza pambuyo pake ndi mng'ono wanga. Akuti dalaivala anali atayang'ana chombo, nkuponda chitseko cha tchalitchi chija, nkunena kuti galimoto ya boma siingakwere pa chisakasa chotere. Injini anaisiya ikulira kuti m'kati muzizizira, bwana akadzalowa asamve kutentha, iye nkupita pansi pa mtengo kukasenda chinanazi.

Tsono mukudziwa mwambo wathu. Za m'chikuta sizifuulidwa pamaso pa amuna. Ndiye ndinayamba ndi Chilomwe cha amayi anga, chimene bwana wa m'tauni sakanamva, ndinaitana mng'ono wanga, nkumuuza mozungulira kuti mphika uli pamoto wafika posefukira. Ng'oma zinayamba kuzima imodziimodzi. Ndinaona mng'ono wanga akupita kwa asuweni, akuwakoka malaya, akuloza kuno. Asuweni anamva, Chilomwe anayamwa ngati ine. Anayang'ana kuno, anayang'ana bwana, anayang'ana chikwangwani. Nkuima chilili ngati chitsa.

Mwana wanga anabuula pa chitseko paja. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Mwambo ndinauika pansi, ndinakwera pa chipilala cha simenti, nkutsegula kukamwa m'Chichewa choti aliyense amve.

"Asuweni! Inu a chipewa! Bweretsani chombo, mwana akufa kuno!"

Mawu awo anabwera ang'onoang'ono ngati a mwanapiye. "Palibe galimoto, asuweni!"

"M'mawa muja munawoloka ndi galimoto yanji? Kapena inali m'thumba mwanu?"

Bwana anatembenuka. Akuti anafunsa kuti mayi akusokosayo ndi ndani, asuweni nkuyankha kuti ndi wodwala mutu pang'ono, musamusamale. Ine wodwala mutu! Bwana anati anthu aphunzire kudikira, ayambe wamaliza ntchito imene wabwerera, ndipo anafunsanso kuti mwini galimoto uja ali kuti. Asuweni anati wapita ku Limbuli. Izi sindinazimve, koma ndinaona dzanja lawo likuloza kumsewu, ndipo ndinadziwa bodza lake popeza tinaphika limodzi.

"Bwana!" ndinakuwa. "Inu a nsapato! Galimoto mukuifunayo ili kuno! Ili m'nthochi kuseri kwa nyumba yanga, ndipo thadzi likufungatiramo mazira! Injini ilibe, magalasi ilibe, mwini wake ndi ife tonse! Msewu mukuufunawo ndi uwu ndaimapowu, watha pomwepa! Bwerani mudzagwire chanza thadzilo!"

Ine ndinkayesa kuti munthu akamva zoona amathamanga kudzaona. Ndinalakwa. Pakamwa pangapa panawonjeza moto. Bwana anafufuma ngati finye. Analanda kabuku m'manja mwa asuweni, nkumakagwedeza m'mwamba, ndipo mawu ake tsopano anawoloka okha. Anati zaka zonsezi ofesi yakhala ikunamizidwa. Anati kuyambira pano chombo chatsekedwa, chisasunthe mpaka nkhaniyi itafufuzidwa, ndipo lamulo ndi lomwe lili pa chikwangwani, popanda galimoto yeniyeni palibe kuwoloka.

Ndinatsika pa chipilala. Mwana wanga anandigwira dzanja, milomo itauma, nati, "Amayi, musakuwenso, mwatopa." Azamba anayang'ana dzuwa.

Kenako tsidya kunayamba nyimbo. Ndinakwiya, ndinati anthu awa apenga, akuvina mwana wanga akufa? Koma nditamvetsera ndinaizindikira. Siinali nyimbo yolandirira alendo. Inali ija tinkaimba pokankha galimoto yathu kuti mapazi agwirizane.

Amayi aja ankavina akubwerera chambuyo, akugwedeza m'chiuno, akumwetulira bwana, mpaka anaizungulira galimoto yoyera ija. Bwana ankayesa kuti akumupepesa, nkutembenuza nkhope kuti aoneke wokwiyabe. Ndinaona kamutu ka mng'ono wanga kakulowa pa chitseko cha dalaivala. Akuti m'katimo munali mozizira ngati m'phiri, ndi timagetsi tambirimbiri tosadziwika ntchito yake. Koma pakati pa mipando anapeza mnzake wakale, kandodo kaja. Anakatsitsa.

Amayi makumi awiri amene akankha galimoto ya matayala a udzu zaka khumi ndi mphambu, mukawapatsa ya matayala a mpweya, pamalo potsetsereka, ndi ngati mwawapatsa mwana wa chidole. Inatsika mwaulemu, inaponda matabwa, chombo chinati nyomi, nkudzukanso. Mng'ono wanga anakoka kandodo, galimoto nkuima pakati penipeni, tayala lili pa chitseko cha tchalitchi.

Dalaivala anataya chinanazi, nkuthamanga manja ali kumutu. Bwana ankakuwa mawu a Chingerezi okhaokha. Ndipo pamenepo asuweni anga, amantha aja, anasanduka munthu wina. Anakonza chipewa. Anapita pa chikwangwani, anaika chala pansi pa mawu, nkuwerengera bwana mokweza, monga anatiwerengera ife tsiku loyamba.

"Bwana, galimoto yakwera. Yeniyeni, yolira. Lamulo likuti tiwoloke. Ine sindingaphwanye lamulo pamaso panu."

Anamasula chingwe pa mkuyu, nkuimba wezulo.

Bwana anaona galimoto yake ikuchoka pa mtunda. Kuti atsale, akanena chiyani ku ofesi? Analumpha. Mwendo umodzi unafika, winawo unalowa m'matope, nsapato nkutsala momwemo. Dalaivala, amene anali atakwera kale, anamukokera m'kati. Amayi anagwira chingwe chachitsulo chija, mizere iwiri, nyimbo ili pakamwa, ndipo chombo chija sichinayendepo liwiro lotero chibadwire. Pakati pa mtsinje chigobo cha mtengo chinagunda migolo, madzi nkukwera pa matabwa. Akuti bwana anakumbatira kampanda, nkuyamba kutchula amayi ake. Mng'ono wanga anatulutsa mutu pa windo nkumuuza kuti, "Bambo, manja awiriwo Mulungu anakupatsirani kukumbatira mpanda? Gwirani chingwe!" Anagwira. Anakoka. Matuza amene anatuluka tsiku limenelo ndi ntchito yokhayo ya manja imene ndikumudziwira.

Atafika kuno ndinali nditakonzeka kumenyana ndi asuweni akanati galimoto itsike kaye kuti alembe. Anatsegula pakamwa, ndinawayang'ana, anatseka. Dalaivala ataona mwana wanga pa chitseko paja sanafunse bwana wake. Anatsegula kumbuyo, anachotsa jekete la bwana pa mpando, nati, "Mayi, mugonekeni apa, mutu mugwirizire inu." Kwa mng'ono wanga anati, "Achemwali, tasunthani, kwatsalaku ndiyendetse ndine." Iye anasuntha monyinyirika.

Tinawolokanso. Tsidya galimoto inakwera potsetsereka paja yokha, popanda wokankha, ndipo amayi anaombera m'manja poona zodabwitsa zotere. Bwana anakhala kutsogolo, phazi limodzi lili ndi sokosi yokha, osatembenuka njira yonse. Pa Milonde anthu ankapatuka, ena nkumagwada poona galimoto ya boma, osadziwa kuti m'katimo muli ine, wosasamba, ndikupukuta mwana wanga thukuta ndi mpango. Ku Mishoni anamulandira pakhomo, anamuthamangitsira m'kati, ndipo anachita kumung'amba. Namwino anandiuza kuti tikanafika dzuwa litapendeka, akanandipatsa nsalu yokha.

Ndinakhala pa khonde la chipatala mpaka ndinamva kulira. Analira mwanayo. Mpaka lero sanasiye phokoso. Ndi uyu ali kumapeto kwa mkekayu, amene akutaya nandolo pansi ngati analima ndi iye.

Mukufuna kudziwa za enawo.

Bwana sanatseke chombo. Akanalemba chiyani, kuti amayi ovina anamulanda galimoto iye ataima pomwepo? Tinamva kuti analemba zoti chombo chikugwira ntchito bwino, ndipo iye mwini anachiyesa ndi galimoto yake. Patapita miyezi kunabwera munthu ndi chitini cha utoto kudzalembanso chikwangwani, mawu omwe aja. Bwanayo anakwezedwa, ali ku likulu. Nsapato yake inapezeka m'chilimwe, ndipo mwini chigayo ankasungiramo misomali.

Dalaivala ankabwera chaka chilichonse kudzagula zinanazi mpaka anapuma ntchito. Akakumana ndi mng'ono wanga ankavula chipewa nkumutcha mnzake wa ntchito.

Mng'ono wanga alipo, mano anatha koma makani akadalipo. Akakwera minibasi amakhala kutsogolo nkumauza dalaivala kuti sakudziwa kukhota.

Mwana wanga anabereka ena awiri, onse ku chipatala, ndipo ankapita kukadikira mwezi wathunthu usanakwane, ine ndikumuthamangitsa ndi chikuni.

Asuweni sanandilankhule mpaka tinakolola, ati ndinawayalutsa. Ine ndinati amene anatchula mnzake wodwala mutu ndani? Tinagwirizana pa maliro a atsibweni. Galimoto yathu inatuluka m'nthochi thadzi litaswa, ndipo anapitiriza kuilemba, kutsika ndi kukwera, mpaka maso anawafooka. Atamwalira tinawagoneka m'bokosi la kumbuyo, chipewa chili pa chifuwa. Titafika tsidya lino tinaikankha kutsika ndithu, kuti asakadandaule kumene akupitako kuti sanawoloke, angokhala.

Chombo chinapita ndi madzi aakulu aja anagumula nyumba m'boma lonse lino, amene munawaona nokha. Chingwe, migolo, chitseko cha tchalitchi, zonse. Akuti kumunsi kwina munthu akuyanikapo makaka. Galimoto inatsala kuno, mbuzi zanga zimagonamo. Mwana wa mwini bwato uja anasema bwato lina, ndiye tabwerera pamene tinayambira. Chikwangwani chokha madzi anachisiya, chili chiimire pa gombe, chikuletsabe chombo chimene kulibe kuti chisayende popanda galimoto.

Mlatho akuti ukubwera. Chaka chatha anabweranso a mataye, ndipo ananditumira uthenga kuti ndikavine. Ndinati auzeni ndikudikira galimoto.